MWANA APHUNZIRA KWA MUNTHU AMENE AMDZIWA

Nkhani ya lero ndi ya ana ang'ono, iwo amene sanafike msinkhu wa kuyamba Giredi 1, ndi ya anthu amene awalera ndi kuwaphunzitsa. Inena makamaka za tauni ya Kafue, koma makolo a ku Lusaka, ku Chipata, ku Katete ndi kwina konse adzaona kuti zambiri ziwakhudza iwonso.

Pofika mwezi wa January makolo ambiri a ku Kafue ayendayenda kufuna sukulu ya mkaka yolowetsako mwana. Pali zinthu zitatu zimene ambiri ayang'ana. Coyamba ndilo khoma: likakhala lopakidwa utoto wowala, ndi zithunzi za njobvu ndi zilembo zazikuru, mtima wa kholo ukondwa. Caciwiri ndiyo yunifomu. Cacitatu ndico Cingelezi: kholo likamva ana ali kuchula masiku a sabata ndi maina a miyezi onse pamodzi mokweza mau, linena kuti pano ndipo pali maphunziro. Zinthu izi si zoipa ai. Koma pali funso lina limene ambiri aiwala, ndipo ndilo lalikuru koposa: kodi ndani adzakhala ndi mwana uyu tsiku lonse, ndipo kodi munthuyo adzamdziwa? Pakuti mwana wa zaka zitatu kapena zinai aphunzira kwa munthu; ndipo aphunzira bwino kwa munthu amene amdziwa, amene amyankha, amene sacoka msanga.

Kuti cimveke cifukwa cace funso ili likula ku Kafue, kuyenera kukumbukira umo tauniyi inayambira. Kafue ali pa mtunda wa makilomita ngati 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje umene unampatsa dzina. M'caka ca 1906 njanji yocokera ku Livingstone inaoloka mtsinjewo pa ulalo wacitsulo, ndipo pafupi ndi siteshoni panayamba kamudzi ka anchito ndi amalonda. M'caka ca 1918 a mishoni ya Primitive Methodist, motsogozedwa ndi Mbusa John Fell, anatsegula Kafue Training Institute, kumene anyamata anaphunzira za m'buku ndi nchito za manja, ndi kumene kunaturuka aphunzitsi ambiri. Harry Nkumbula anali mmodzi wa ophunzira ace. Sukuluyo ndiyo idziwika lero ndi dzina la Kafue Boys. Motero Kafue ali m'mbiri ya maphunziro kwa zaka zoposa 100. Koma anali maphunziro a anyamata osinkhuka. Za mwana woyamwa ndi wa zaka zinai panalibe woda nazo nkhawa, pakuti ameneyo anali m'manja mwa amace, agogo ace ndi mudzi wonse.

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, Boma linasankha Kafue akhale tauni ya mafakitale. Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba kupanga fataleza m'caka ca 1970, ndipo ca pa nthawi yomweyo Kafue Textiles inayamba kuomba nsaru. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito. Anthu anadza ocokera m'zigawo zonse za dziko, mwamuna ndi mkazi wace ndi katundu wao. Koma agogo, azakhali ndi amalume anatsala ku mudzi. Pamene cuma ca dziko cinasinthika m'zaka za m'ma 1990, nsaru zakunja ndi salaula zinadzaza misika. Fakitale ya nsaru inafooka nitsekedwa pambuyo pa caka ca 2000, ndipo ya fataleza inacepetsa anchito. Mabanja ambiri sanabwerere kwao. Anakhala, nafuna njira zina za kupezera cakudya.

Lero atate ena akwera basi mbandakuca kumka ku nchito ku Lusaka, nabwera mdima utagwa. Amai ena alawirira ku Chanyanya kukagula nsomba zogulitsa. Ena akhala pa msika kapena m'mbali mwa mseu waukuru kufikira madzulo. Cotero mwana wa ku Shikoswe, ku Zambia Compound kapena ku Soloboni angathe kupyola m'manja anai pa tsiku limodzi: mlongo wace wamkuru amsambitsa, mphunzitsi akhala naye kufikira masana, mai wa nyumba yoyandikana ampatsa nsima, ndipo amace amfikira ali kusinza. Palibe wopalamula pamenepa, pakuti njala ndiyo ituma makolo. Ndiponso manja ambiri si tsoka pa okha; ku mudzi nako mwana analeredwa ndi ambiri. Kusiyana ndi uku: ku mudzi manja aja anali omwewo caka ndi caka, ndipo onse anadziwa mwanayo ndi makolo ace. M'tauni manja asinthika, ndipo kawirikawiri sadziwana.

Boma nalo linacedwa kulowa m'nkhani imeneyi. Lamulo la Day Nurseries la 1957 linaika nyumba zosungiramo ana m'manja mwa makhonsolo. Zambia Pre-School Association inakhazikitsidwa m'caka ca 1972, ndipo kwa zaka zambiri machalichi, mabungwe ndi anthu pa okha ndiwo anayendetsa masukulu otere, amene anali a okhoza kulipira. M'caka ca 2004 nchitoyi inaperekedwa ku Unduna wa Maphunziro. M'caka ca 2013 Boma linalemba aphunzitsi 1,000 oyamba a ana ang'ono, ndipo makalasi ao anayamba kutsegulidwa pa masukulu a pulaimale. Kuyambira January 2022 maphunziro a m'masukulu a Boma anakhala aulere, kuyambira sukulu ya mkaka kufikira sekondale. Ici ncinthu cacikuru, pakuti mwana wa wogulitsa makala alowa tsopano pa khomo limene kale linali lotseka kwa iye. Koma khomo likatseguka kwa onse cipinda cidzala, ndipo m'cipinda codzala cinthu coyamba kusowa ndiyo nthawi ya kuyang'ana mwana mmodzi m'maso.

Nanga kuyang'anana m'maso kuli ndi nchito yanji pa maphunziro? Mwana abadwa ndi ubongo wosatha kumangidwa. Pofika zaka zisanu ubongowo wakula kufika pafupi magawo 9 mwa magawo 10 a ukuru wace wonse. M'kati mwa zaka izi timitsempha tosawerengeka tilumikizana, nitipanga njira zimene maganizo adzayendamo moyo wonse. Njirazi zifanana ndi njira ya ku citsime: imene ipondedwa tsiku ndi tsiku ikhala yoyera ndi yolimba, imene siipondedwa imera udzu nizimirira. Cimene ciponda njirazi koposa ndiko kupokezana kwa mwana ndi munthu wamkuru. Khanda licita kamau, amace nayankha, liseka, iwo naseka, likakula pang'ono liloza mbuzi, ndipo wina ati, “Inde, ndi mbuzi, ili kudya ciani?” Kuli monga akazi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukakwera, wina utsika. M'kupokezana kotere mwana atola mau, aphunzira kudikira nthawi yace, nazindikira kuti zimene iye acita zibala kanthu mwa munthu wina.

Katswiri wa ku America, Edward Tronick, anaonetsa ici poyera m'zaka za m'ma 1970. Anapempha amai kusewera ndi makanda ao, ndipo pambuyo pace kuumitsa nkhope kwa mphindi zowerengeka, osaseka, osayankha. Poyamba khanda liyesa kubweza amace: limwetulira, litambasula manja, lipfuula. Likalephera litembenuza nkhope, niliyamba kulira. Amai aja sanacoke, sanakalipe, sanamenye; anangoleka kuyankha. Ndipo pamene anayambanso kuseka ndi kulankhula, ana ambiri anatonthola msanga. Palibe kholo lingathe kuyankha mwana nthawi zonse, ndipo kusoweka kwa kanthawi sikuononga kanthu ngati munthu abweranso. Coopsa ndi pamene nkhope youma ikhala ya masiku onse: mlezi wotopa, mphunzitsi wa ana ocuruka, kapena kholo limene lifungata mwana madzulo onse maso ali pa foni.

Maphunziro ena akuru a nkhani iyi anacokera mu Afirika muno. M'zaka za 1954 ndi 1955 mai wochedwa Mary Ainsworth anayendera mabanja 26 a Baganda m'midzi ya pafupi ndi Kampala ku Uganda. Anakhala pansi m'nyumba zao kwa miyezi yambiri, napenya makanda ndi amao. Ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku la Infancy in Uganda, limene linaturuka m'caka ca 1967. Anaona kuti ana ena akwawa kumka kutali, agwira ici ndi ico, naceuka kuona ngati amao alipo, nabwerera kwa iwo pocita mantha, ndi kucokanso mtima utatsika. Ana ena anangokakamira ndi kulira, ngakhale amao ali pomwepo. Amai a ana oyamba aja ndiwo anadziwa bwino makhalidwe a ana ao, nafulumira kumva cimene afuna. Anthu ena aganiza kuti mwana wotengedwa msanga polira adzakhala wamantha ndi wosafuna kucoka pa citenje. Ainsworth anapeza kuti sikutero. Mwana amene adziwa kuti ali ndi pothawira ndiye alimba mtima kupita kutali. Ndipo kupita, kugwira, kufunsa ndi kuyesa ndiwo maphunziro onse a mwana wamng'ono. Wamantha sasewera, pakuti maso ace ali pa khomo.

Cimene cicitika pamene pothawira palibe konse cinaoneka ku Romania, dziko la ku Ulaya. Ulamuliro wa Nicolae Ceausescu utagwa m'caka ca 1989, anthu anapeza nyumba za Boma zodzala ndi ana zikwi zambiri, osiyidwa ndi makolo osauka. M'nyumbamo mlezi mmodzi anasunga ana oposa khumi, ndipo alezi anasinthanasinthana, kotero kuti panalibe mmodzi amene mwana akanati, uyu ndi wanga. M'caka ca 2000 akatswiri anayamba nchito ya kutsata ana 136 a m'nyumba zotere mu mzinda wa Bucharest. Theka la anawo anawapezera mabanja owalera, ndipo anawayesa onse pa zaka zambiri. Amene analowa m'mabanja anaposa anzao pa nzeru, pa kulankhula ndi pa kukhulupirira anthu. Ndipo amene anacira koposa ndiwo analowa asanakwane zaka ziwiri. Sukulu ya mkaka ya ku Kafue siifanana ndi nyumba zimenezo, pakuti ana ace abwerera kwao masana. Koma phunziro liri loonekeratu: denga, cakudya ndi bedi sizikwana pamene palibe munthu wokhazikika, ndipo zaka zoyamba sizidikira.

Mwina wina adzati, izi nzabwino, koma osauka adzazipeza kuti? Yankho licokera ku Jamaica. M'zaka za 1986 ndi 1987 Dokotala Sally Grantham-McGregor ndi anzace anasankha ana 129 opinimbira kaamba ka kusowa zakudya, a miyezi 9 kufikira 24, m'makomboni osauka a mu Kingston. Ena anawapatsa mkaka woonjezera. Kwa ena anatumiza mlangizi wa zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, amene anakhala ora limodzi m'nyumba, naonetsa mai umo angasewerere ndi mwana wace, kumlankhula, kumchulira maina a zinthu ndi kumyamikira. Zoseweretsa zinali zopangidwa ndi mabotolo, zitini ndi nsanza. Zitapita zaka 20 anawo anafunidwanso, ndipo kunapezeka kuti amene anaceza ndi mlangizi analandira malipiro oposa a anzao ndi magawo 25 mwa 100. Koma phindu la mkaka wokha silinakhalitse cotero. Ici sicitanthauza kuti cakudya ncacabe. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndipo ameneyo ndi mlandu waukuru pa wokha. Citanthauza kuti pamwamba pa phala mwana afuna munthu wolankhula naye. Ndipo cimene mlangizi anabweretsa m'nyumba zija sicinali ca ndalama.

Makolo akale anazidziwa izi m'njira yao. M'zaka za m'ma 1970 Robert Serpell wa ku University of Zambia, amene pambuyo pace anakhala mkuru wa sukuluyo, anamka ku midzi ya Acewa m'boma la Katete. Anafunsa akuruakuru kuti, pakagwa nchito yacilendo yofuna kutuma mwana, angasankhe uti mwa ana a m'mudzimo, ndipo cifukwa ninji. Pomvetsera mayankho ao anapeza kuti nzeru, kwa Acewa, iri ndi miyendo iwiri. Wina ndiwo kucenjera, ndiko kumva zinthu msanga. Wina ndiwo kutumikira, ndiko kumvera ndi kukhulupirika pakati pa anthu. Mwana wocenjera koma wosatumika sanayesedwe wanzeru, pakuti kalulu nayenso ngwocenjera. Tsono mwendo waciwiri uwu suphunzitsidwa pa bolodi. Mwana aupeza pamene agogo amtuma kukatenga moto, namthokoza pobwera. Pamene aberekedwa ndi mkuru wace, naberekanso mng'ono wace. Pamene ali ku masanje, kumene wina akhala tate, wina mai, wina fisi, ndipo onse ayenera kumvana. Ngakhale nthano ya madzulo siyenda ndi munthu mmodzi: wonena ati “Padangokhala”, ndipo sapitirira kufikira ana atayankha “Tiri tonse”. Sukulu ya mkaka yabwino ndiyo imene ibwezera mwana wa m'tauni zina za izi.

Kuyenera tsono kunena zimene ali yense angacite. Mphunzitsi wa ana ang'ono adziwe kuti nchito yace yoyamba ndiyo kudziwa ana ace. Aime pa khomo mamawa, nalonjere mwana ali yense pomchula dzina. Polankhula naye awerame kapena agwade, kuti maso akomane. Adziwe kuti uyu akhala ndi agogo cifukwa amace anamwalira, kuti uyo wabadwiridwa mng'ono ndipo mtima wace suli m'malo, kuti uja wadza wosadya kanthu. Mwana amene aluma anzace kapena akhala cete pa ngodya kawirikawiri ndiye asowa munthu koposa onse. Za ndodo, Lamulo la Maphunziro la 2011 liletsa kumenya ana m'sukulu. Koma ngakhale pakadapanda lamulo, ndodo ikadakhala yoononga nchito, pakuti munthu mmodzi sangakhale pothawira ndi coopsa pa nthawi yomweyo. Mwana womenyedwa akhala cete, ndipo ena ayesa cete ameneyo ndi ulemu, pamene ali mantha.

Ku Kafue kumveka Cinyanja, Citonga, Cibemba, Cisoli ndi Cilozi, ndipo mwana wa zaka zitatu adza ndi cilankhulo ca amace cokha. Ngati pa tsiku loyamba palibe womva pamene ati ali ndi ludzu, kapena afuna kupita kuseri, sukulu ikhala kwa iye dziko lacilendo. Mphunzitsi amene aphunzira mau khumi okha a cilankhulo ca mwanayo, a moni, a madzi, a kutonthoza, watsegula khomo limene zilankhulo zina zonse zidzalowerapo, ndi Cingelezi comwe.

Bvuto la kucuruka kwa ana nlenileni. Ngati m'kalasi muli ana 50, ndipo sukulu ndi ya maora atatu, mwana ali yense agwa pa mphindi zosakwana zinai za mphunzitsi, ngakhale iye asapume konse. Ncifukwa cace aphunzitsi ambiri athawira ku kuyimbitsa ana onse pamodzi, pakuti ndiyo njira yokha ya kugwira khamu. Mankhwala eni eni ndiwo aphunzitsi ambiri ndi zipinda zambiri, ndipo makolo ali ndi ufulu wa kupempha izi kwa Boma kosaleka. Koma podikira pali zina zotheka. Ana agawidwe m'timagulu tating'ono tosasinthika, kuti adziwane. Komiti ya makolo ipeze amai kapena agogo awiri atatu odza masiku oikika, omwewo sabata ndi sabata, kudzanena nthano, kuponya zirapi ndi kuphunzitsa ciyato, mmene mwana awerenga miyala osadziwa kuti ali kuphunzira masamu. Ndipo kumene nkotheka, mphunzitsi akhale ndi ana omwewo zaka ziwiri, asayambe kudziwana ndi atsopano pamene akale angomzolowera.

Eni masukulu olipiritsa nao ali ndi mbali yao. Pali ena amene aononga ndalama zambiri pa utoto, pa cikwangwani ndi pa mikanjo ya tsiku lotsazika ana, koma malipiro a mphunzitsi ali ocepa, ndiponso acedwa. Mphunzitsi wotere acoka akapeza pena, ndipo ana aona nkhope zitatu pa caka cimodzi. Kwa mwini sukulu uku ndi kusintha wanchito cabe. Kwa mwana wa zaka zitatu kuli ngati maliro osalira, ndipo pa ulendo wacitatu mwanayo aleka kupereka mtima wace. Ndiponso munthu amene agona ndi nkhawa ya lendi sakhala ndi cifatso ca kumvetsera ana makumi atatu. Wofuna ana osungika ayambe wasunga mphunzitsi. Mau omwewa ayenera banja limene liri ndi mtsikana wanchito: iye ndiye mphunzitsi woyamba wa mwana, afune asafune mwini nyumba, ndipo kumzunza kapena kumsintha mwezi ndi mwezi kugwera mwana yemwe.

Kwa makolo, nchito yaikuru iri m'zinthu zazing'ono. Pa masiku oyamba a sukulu ambiri azemba mwana ali kuyang'ana kumbali, poyesa kuti apewa misozi. Koma mwana wozembedwa aphunzira kuti munthu angasowe nthawi iri yonse, ndipo mawa agwira citenje zolimba. Nkwabwino kumtsazika poyera, kumuuza amene adzamtenga ndi nthawi yace, ndi kusunga mau amenewo. Adzalira ndithu, koma posacedwa adzadziwa kuti wopita abweranso. Madzulo, ngakhale thupi latopa, mphindi khumi za kumva zimene mwana anaona ziri ndi mtengo waukuru. Mai wosadziwa kuwerenga asadziyese wopanda kanthu. Pochula tomato, nsomba ndi ndalama pa msika, ndi kulola mwana ayankhe, ali kucita comwe cija alangizi a ku Kingston anaphunzitsa. Atate naonso asaganize kuti nchito yao iyamba pamene mwana afuna fizi ya sekondale. Tate wofika usiku angathe kusunga tsiku la Sabata kuti ayende ndi mwana wace kukaona sitima pa ulalo, ndi kuyankha mafunso ace onse osatopa. Ndipo kumene mlongo wamkuru ndiye mlezi, cikondi cace ndi cuma, koma asaletsedwe sukulu kaamba ka ico.

Pali ubale wina umene mwana sauchula koma aumva, ndiwo wa pakati pa kholo ndi mphunzitsi. Kawirikawiri awiriwa akomana pokha pali ngongole kapena mlandu. Kholo linyoza mphunzitsi pa nsima mwana ali kumva, ndipo mphunzitsi adandaula za makolo osasamala. Mwana aima pakati ngati mbuzi yokokedwa ndi zingwe ziwiri. Kukadakhala bwino kuti kholo liuze mphunzitsi pamene m'nyumba mwagwa matenda, maliro kapena kusamuka, ndi kuti mphunzitsi atume mau abwino, osati a zoipa zokha. Mwana akaona amace ali kuseka ndi aphunzitsi ace pa khomo, mtima wace unena kuti munthu uyu ndi wa kwathu. Akale anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. M'tauni mau awa sacitika okha monga ku mudzi, ayenera kumangidwa mwadala.

Cotero kholo lofuna sukulu lisangoyang'ana khoma. Lipite ca m'ma 10 koloko, osanena za kudza kwace, nilipemphe kukhala pansi kanthawi. Lipenye ngati mphunzitsi achula ana maina ao, kapena angoti “iwe”. Lipenye kumene mwana wogwa athamangira: kwa mphunzitsi kodi, kapena kuseri kwa citseko? Limve ngati ana afunsa mafunso ndi kulankhula za iwo eni, kapena angobwereza mau pamodzi. Lione ngati m'dzanja la mphunzitsi muli ndodo. Ndipo lifunse funso limodzi: aphunzitsi awa akhala pano nthawi yotani? Sukulu ya pansi pa mtengo, ya zidole za dongo ndi galimoto za waya, imene iyankha bwino mafunso awa, iposa ya matailosi imene ilephera.

Zilembo ndi manambala mwana adzazipeza, ndipo wocedwa nazo miyezi ingapo afikira anzace. Cimene cibvuta kubwezera ndico cikhulupiriro cakuti akalankhula wina adzamva, ndi kuti anthu akuru ali odalirika. Pa maziko amenewa ndipo pakhala kumvetsera m'kalasi, kupirira pa sabuje yobvuta, ndi kukhala bwino ndi anzace. M'mera mpoyamba, anatero akale. Ana amene lero ali kusewera m'fumbi ku Nangongwe ndi ku Kafue Estates adzakhala anamwino, asodzi, amisiri ndi makolo a m'tauniyi, ndipo umo adzasungira anzao ali kuuphunzira tsopano lino, kwa anthu amene awatsegulira citseko mamawa ndi kuwafunsa madzulo kuti, “Wacoma bwanji?”